KUKWEZA GALIMOTO POPANDA KUIKA MOYO PA CISWE

Masiku ano alimi ambiri ali ndi galimoto zonyamulira matimati, kabici ndi cimanga kunka nazo ku msika wa Soweto mu Lusaka. Galimoto ikafa pa ulendo, ena amaikokera ku Chaisa, komboni imene iri m'mbali mwa mseu wa Great North, kumene kuli amakanika ambiri. Anyamata ocokera ku midzi amaphunziranso nchitoyi komweko. Ngozi yoposa zonse pa nchito imeneyi ndiyo kupsinjidwa. Toyota Hilux imalemera pafupi-fupi matani 2, ndiko kunena matumba 40 a cimanga. Katundu wotere akagwera munthu pa cifuwa, kupulumuka nkwapatali.

Lifiti ya Mizati Iwiri

M'magalaji ena muli makina ochedwa lifiti ya mizati iwiri. Mizatiyo nja citsulo, ndipo uliwonse uli ndi mikono iwiri yolowa kunsi kwa galimoto. Mafuta opopedwa ndi mphamvu ya magetsi ndiwo amakweza mikonoyo. Monga nkhokwe imagwa miyendo yace ikazikidwa pofewa, lifiti nayonso imalimba ndi pamene yaimapo. Mizati imamangidwa ndi mabauti pa konkire, ndipo opanga makinawa amati konkireyo isacepere masentimita 10 kucindikala kwace. Ena amafuna 15. Simenti yopyapyala ya pakhonde siyenera konse, cifukwa mabauti amazuka.

Wokweza ayambe watsitsa katundu yense ndi anthu onse, aonenso kulemera kumene kunalembedwa pa mzati. Galimoto iime pakati peni-peni pa mizati. Mlimi aliyense adziwa kuti ngolo yolemera kumbuyo kokha imatukula goli. Momwemonso galimoto, imene kulemera kwace kuli kutsogolo kumene kuli injini, imapendekeka ikakwezedwa mosayesa.

Mikono igwire malo amene buku la galimotoyo linachula. Pa Hilux ndi pa zitsulo ziwiri zazitali za msana wace, zimene amakanika amazicha chasisi. Pa galimoto zazing'ono ndi pa mkombero wa kunsi kwa zitseko, pamene pali zizindikiro. Pa thanki ya mafuta kapena kunsi kwa injini ai.

Atatero akweze pang'ono kufikira matayala atangocoka pansi, aime, aigwedeze ndi manja. Ikaseweraseweza, aitsitse nakonzenso mikono. Ikakhazikika aikweze kufika pamene afuna, kenaka aitsitse pang'ono kuti ikhale pa maloko a citsulo. Mafuta okha sakhulupirika, pakuti paipi ikhoza kuphulika. Pocotsa injini kapena giyabokosi kulemera kumasamuka, cotero mbali inayo icirikizidwe ndi sitandi yaitali. Potsitsa, zitsulo, ana ndi mapazi zikhale kutali.

Magetsi akazima, monga anali kuzimira kawiri-kawiri m'caka ca 2024 madzi atacepa pa Kariba, galimoto ikhale pa maloko ace. Loko samasuka galimoto isanakwezedwe pang'ono, ndipo kummenya ndi nyundo nkudziitanira maliro.

Jeke ya Pakhomo

Ku mudzi lifiti kulibe, kuli jeke. Nchito ya jeke ndi kukweza cabe, si kusunga galimoto m'mwamba ai. Malamulo ace ndi awa:

1. Galimoto iime pamalo osalala ndi ouma. Nthawi ya dzinja nthaka imafewa, tsono jeke ikhale pa thabwa locindikala.

2. Handibuleki ikokedwe, giya loyamba lilowe, ndipo matayala otsala pansi atsekerezedwe ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo.

3. Manati a wilo amasulidwe pang'ono galimoto idakali pansi.

4. Ikakwera, itsitsidwe pa masitandi a citsulo. Ngati palibe, zipika zazikuru za mtengo wolimba monga tsanya, zogoneka copingasa, ziri bwino.

5. Mabuloko a simenti ndi njerwa ndi adani. Mtengo umalira usanathyoke, koma buloko limaphwanyika mosacenjeza.

6. Wilo locotsedwa ligonekedwe kunsi kwa chasisi, kuti zina zikalephera lisiyire munthu mpata.

7. Munthu asalowe kunsi kwa galimoto ali yekha pakhomo, kapena atalawa mowa.

Wopsinjidwa apite naye ku cipatala msanga ngakhale akunena kuti ali bwino, cifukwa mwazi ukhoza kumatayikira m'kati osaoneka.

Zonsezi zimadya mphindi zowerengeka cabe. Mlimi amene wathyoka msana mwezi wa November munda wace umagonera, ndipo banja limagula ufa caka conse. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.