Cinenero Cimene Cinagonjetsa Mikondo kwa Magodi

Mlendo wocokera ku Chipata akafika m'dziko la Mfumu Yaikulu Magodi, kumpoto kwa Lundazi, coyamba kumdabwitsa ndi maina a malo. Amamva za Emusa ndi Egichikeni, maina a Cingoni ceniceni, koma akapereka moni, anthu amamyankha m'Citumbuka. Mfumu ndi Mngoni, ingoma imabvinidwa ndi zishango, koma pabwalo la milandu, pamaliro ndi pamtondo, cinenero ndi ca Atumbuka. Dera limeneli kuyambira mu 2018 lili m'boma latsopano la Chasefu.

Angoni asanabwere, Atumbuka anali kukhala m'timidzi tating'onoting'ono tomwazikana. Anali kulima mawere ndi mapira, kusaka nyama, kusula makasu ndi kupembedza Chiuta kupyolera mwa mizimu ya makolo. Analibe gulu lalikulu la nkhondo, pakuti moyo wao sunali kufuna zotere.

Zinthu zinasintha pamene Zwangendaba anaoloka Zambezi ndi anthu ake mu 1835. Iye atamwalira ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, mtundu unagawanika. Mpezeni anadzakhazikika ku Chipata, ndipo M'mbelwa analowa m'dziko la Atumbuka ca m'ma 1855. Ufumu wa Magodi unacokera ku nthambi imeneyi ya M'mbelwa. Atumbuka ambiri anagwidwa, anyamata nalowetsedwa m'magulu a nkhondo, atsikana nakwatiwa m'midzi ya Angoni.

Apa ndipo pali nkhani yeniyeni. Ankhondo aja anapambana ndi mkondo, koma ana ao analeredwa pamsana pa amai a Citumbuka, nayamwa mau a amai aowo. Patapita mibadwo iwiri kapena itatu, Cingoni cinatsala m'nyimbo za ingoma, m'ziwongo ndi m'maina a midzi basi. Nao Atumbuka sanatsale monga analiri. Analandira malobolo a ng'ombe, ana nayamba kuwerengedwa kucimuna, ndipo khola linasanduka mtima wa mudzi. Lero kulekanitsa Mtumbuka ndi Mngoni kwa Magodi ndi nchito yobvuta, ndipo mwambo wa Zengani, umene dzina lake litanthauza kuti "mangani", umasonkhanitsa onse pamodzi. Azungu podula malire anasiya Magodi mbali ino ndi M'mbelwa ku Mzimba, koma maukwati ndi maliro sizinaleke kuoloka malirewo.

Cinenero cimene cinapirira mikondo tsono cili ndi mayeso ena, a m'kalasi. Zambia inasankha zinenero zisanu ndi ziwiri za pa wailesi ya boma ndi m'masukulu: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cilunda, Ciluvale ndi Cikaonde. Citumbuka palibe. Motero mwana wa ku Egichikeni amaphunzira Cinyanja ngati cinenero ca kwao, conseco agogo ake sacilankhula. Amene timawerenga tsamba lino m'Cinyanja sitiyenera kuiona mopepuka nkhani imeneyi, cifukwa mwai umene tili nao ena alibe.

Bvuto lotere si la kuno kokha. Kumpoto kwenikweni kwa Ulaya, kumene dzuwa sililowa kwa milungu ingapo m'cilimwe cao, kuli mtundu wa Asami. Monga Atumbuka, iwo anadulidwa ndi malire, ndipo ali m'maiko anai: Norway, Sweden, Finland ndi Russia. Kuyambira kale anali asodzi ndi alenje, ndipo ena amaweta reindeer, nyama zonga mphalapala, zimene kwa iwo zili monga ng'ombe kwa Mngoni. Zimawapatsa nyama, zikopa ndi ulemu. Abusa anali kusamuka ndi ziweto zao, kumapiri kapena kugombe nthawi yofunda, kumtunda kouma nthawi ya cisanu, nagona m'mahema ochedwa lavvu.

Kuyambira ca m'ma 1850, boma la Norway linayesa kwa zaka pafupifupi 100 kuwasandutsa Anorway. Ana anali kutengedwa kukagonera kusukulu kumene Cisami cinali coletsedwa, ndipo ambiri anakula ndi manyazi pa cinenero ca amai ao. Kusintha kunadza boma litafuna kumanga damu pa mtsinje wa Alta. Asami anakana poyera kuyambira mu 1979 kufikira 1981. Damu linamangidwa ndithu, koma dziko linagalamuka. Mu 1989 nyumba ya malamulo ya Asami inatsegulidwa ku Karasjok, ndipo mu 1997 Mfumu Harald inapepesa cifukwa ca zoipa zimene boma linawacita. Komabe zina mwa zinenero za Cisami zatsala ndi okalamba owerengeka okha.

Kunena zoona, kwa Magodi sikunafike potero. Palibe lamulo loletsa Citumbuka, ndipo cikali camphamvu m'nyumba, m'nyimbo za mpingo wa CCAP umene mizu yake ili ku Livingstonia, ndi pa wailesi ya Chikaya ku Lundazi. Cosowa ndi buku la mwana wa giredi 1. Tsidya la malire, ku Malawi, Citumbuka cinacotsedwa pa wailesi ya boma mu 1968, ndipo panapita zaka 26 kuti cibwererenso mu 1994.