Mwana Akasokonezeka Maganizo, Amayamba Kufika Ndani?

Ife a ku Kaunda Square tili pafupi ndi chipatala cha Chainama, chimene chakhala chikusamalira odwala matenda a maganizo kuyambira 1962. Koma wachinyamata akayamba kulankhula zosamveka m'kalasi, kapena akaopseza kuti adzipha, dokotala sakhala woyamba kumuona. Amayamba ndi aphunzitsi, ndipo zikafika povuta, anthu amathamangira kupolisi. Nchifukwa chake ndikuti magulu awiriwa aphunzitsidwe.

Lamulo la Mental Health Act la 2019 linalowa m'malo mwa lamulo lachitsamunda la 1949, limene linkaona wodwala ngati munthu wofunika kutsekeredwa. Lamulo latsopanoli limateteza ufulu ndi ulemu wake. Koma lamulo likangokhala papepala silitonthoza mwana amene akunjenjemera pakati pa gulu.

Zofunika kuphunzira sizovuta. Chotsani anthu oonerera. Alankhule naye munthu mmodzi yekha, modekha, akumutchula dzina. Chotsani mipeni, zingwe ndi mankhwala. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Funso limeneli silimuika maganizo oipa, limamupatsa mpata wolankhula. Musamusiye yekha. Chikwapu ndi unyolo zimangowonjezera mantha, ndipo selo si wodi.

Kuyambira 2022, pamene maphunziro anakhala aulere, makalasi adzaza, moti mphunzitsi mmodzi wopereka uphungu sangaone mwana aliyense. Aphunzitsi onse, alonda a pageti ndi apolisi a Victim Support Unit aphunzire limodzi ndi anamwino.

Makolo anzanga, sungani nambala ya Childline, 116. Kuimba ndi kwaulere.