Masewera a arcade a pa emulator pa zochitika zosonkhetsa ndalama zachifundo

Emulator ndi pulogalamu ya pakompyuta yomwe imatsanzira kagwiridwe ntchito ka makina ena. Pa masewera a arcade, omwe kale ankaseweredwa pa makina oponyamo ndalama yachitsulo, emulator yodziwika kwambiri ndi MAME, yomwe Nicola Salmoria anaiyambitsa mu 1997. Mabungwe ena achifundo amaika masewerawa pa zochitika zawo kuti anthu azilipira posewera. Ku United States, mchitidwewu ungabweretse mlandu wophwanya lamulo la kopiraiti.

Emulator ndi ROM

Emulator payokha nthawi zambiri siikhala ndi vuto. Mu 2000, pa mlandu wa Sony ndi Connectix, khothi la apilo linagamula mokomera Connectix yomwe inapanga emulator ya PlayStation. MAME nayonso inakhala pulogalamu yaulere pansi pa layisensi ya GPL mu 2016.

Vuto lili pa ROM, fayilo yomwe imasunga masewera enieniwo. Pac-Man ya 1980 ndi ya Bandai Namco, Donkey Kong ya 1981 ndi ya Nintendo. Ku United States, kopiraiti ya ntchito ya kampani imakhala zaka 95 kuchokera pamene ntchitoyo inatulutsidwa, choncho Pac-Man ndi yotetezedwa mpaka 2075. Masewera akasiya kugulitsidwa, umwini wake sutha. Mu 2018 Nintendo inasumira eni mawebusaiti a LoveROMs ndi LoveRETRO, ndipo iwo anavomera chigamulo cha madola oposa 12 miliyoni.

Kuseweretsa pagulu

Apa ndi pamene okonza zochitika ambiri amasokonezeka, poganiza kuti cholinga chabwino chimawateteza. Mu 1989, pa mlandu wa Red Baron ndi Taito wokhudza masewera a Double Dragon, khothi linanena kuti kuseweretsa masewera m'malo ofikamo anthu onse ndi kuonetsa ntchito pagulu, ndipo ufulu umenewo ndi wa mwini kopiraiti. Gawo 110(4) la lamulo la kopiraiti limamasula zionetsero zina zosafuna phindu, koma limangokhudza nyimbo ndi zolembedwa zomwe si zisudzo. Masewera a kanema salowamo.

Khothi lingalamule chindapusa cha madola 750 mpaka 30,000 pa ntchito iliyonse, kapena kufika 150,000 ngati kulakwako kunali kwadala. Popeza chiwerengerocho chimatsata ntchito imodziimodzi, makina amodzi okhala ndi masewera 60 osaloledwa angadye ndalama zoposa zomwe zasonkhetsedwa tsikulo.

Njira zovomerezeka

Bungwe lingapemphe chilolezo cholembedwa kwa mwini masewera, kapena kubwereka makina kwa kampani yomwe ili ndi layisensi yoseweretsa anthu molipiritsa. Webusaiti ya MAME ili ndi masewera ochepa omwe eni ake anawamasula, monga Gridlee ndi Robby Roto, koma chilolezo chake n'cha ntchito zosakhala zamalonda, ndipo kulipiritsa osewera kungafunike chilolezo china.