Piyano yoimba yokha: zala za akatswiri akale zidatsala papepala

Pa 9 Novembala 1905, Gustav Mahler, yemwe panthawiyo adali mkulu wa nyumba ya opera mumzinda wa Vienna, adalowa m'chipinda china ku Leipzig m'dziko la Germany nakhala pa piyano. Adaimba nyimbo zinayi zopeka yekha, zonse pamodzi zosakwana theka la ola, kenaka adanyamuka. Mu Meyi 1911 adamwalira. Palibe mbale ya galamafoni ngakhale imodzi yomwe idasunga mawu ake kapena kaimbidwe kake. Chomwe chidatsala ndi mipukutu inayi ya mapepala obooledwa timabowo, ndipo aliyense wofuna kumva momwe Mahler amaimbira nyimbo zake alibe kwina kolowera koma kumapepalawo.

Mipukutu yotereyi idapangidwa yambirimbiri kuchokera mu 1905 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ndipo yakhala ikukanganitsa akatswiri a nyimbo kwa nthawi yaitali. Ena amailemekeza ngati khomo lolowera m'dziko la oimba omwe adaphunzira luso lawo galamafoni isanabwere. Ena amaipeputsa, amati chidali chidole cha anthu olemera chomwe chidakonzedwakonzedwa mpaka mwini nyimbo kusowamo. Kuti munthu aweruze bwino mlanduwu, ayenera ayambe wadziwa momwe pepala limaimbira piyano.

Mbale ya galamafoni imasunga mawu omwe adamveka tsiku lojambula. Mpukutu umasunga zomwe zala zidachita. Pepala lalitali limayenda pang'onopang'ono pamwamba pa kachitsulo kokhala ndi mzere wa timabowo, kabowo kalikonse kolumikizidwa ndi kiyi wakewake. Mkati muli pampu yomwe imakoka mpweya kosalekeza. Bowo la papepala likangofika pa kabowo ka pachitsulo, mpweya wapanja umalowa, ndipo kamvukuto kakang'ono, kachibale ka mvukuto wa wosula makasu, kamaphwa n'kukankha kanyundo komenya nsambo. Bowo likakhala lalitali ndiye kuti chala chidakhalitsa pakiyi. Likakhala lalifupi, chidangogunda n'kuchoka. Choncho womvera amamva piyano yeniyeni ikulira m'chipinda momwe iye ali, makiyi akutsika ndi kukwera pampando palibe munthu.

Makina oyamba kutchuka adali Pianola, omwe Edwin Votey adakonza ku America m'zaka za m'ma 1890. Awa amafuna munthu wopalasa ndi mapazi, monga zimakhalira ndi limba la mphepo la m'matchalitchi akale, ndipo kufewa kapena kukweza kwa nyimbo kumadalira wopalasayo. Mipukutu yake yambiri idabooledwa ndi amisiri potsatira buku la nyimbo ndi rula, woimba osakhudzako n'komwe. Zinthu zidasintha mu 1904 pomwe Edwin Welte ndi mlamu wake Karl Bockisch, a kampani ya M. Welte & Söhne ya ku Freiburg, adatulutsa makina otchedwa Welte-Mignon. Iwo adaonjeza mabowo ena m'mphepete mwa pepala, olamula mphamvu yomenyera tinyundo komanso zopondera za piyano, ndipo pampu yake imayendera magetsi. Kwa yemwe adali kale ndi piyano yake, kudali bokosi lokhala ndi zala zamatabwa zokutidwa ndi nsalu yofewa, lomwe amalikankhira kutsogolo kwa makiyi ngati mlendo wodzaimba. Patsogolo pake makampani a ku America adabweretsa makina awo, Duo-Art ndi Ampico.

Oimba otchuka adathamangira makinawa pachifukwa chomveka. Chisanafike chaka cha 1925, galamafoni imajambula popanda maikolofoni: mawu amalowa m'chilipenga chachikulu n'kukagwedeza singano yolemba paphula. Piyano imamveka ngati ikulira pansi pa chitsime, mawu otsika kwambiri amasowa, ndipo mbali imodzi ya mbale imangotenga mphindi zinayi kapena kupitirirako pang'ono. Pomwe mpukutu umatha kunyamula gawo loyamba lonse la Symphony yachisanu ya Mahler, nyimbo ya maliro yopitirira mphindi khumi, osaidula. Camille Saint-Saëns, Edvard Grieg, Ignacy Jan Paderewski, Alexander Scriabin, Claude Debussy ndi Maurice Ravel onse adakhalapo pa piyano ya Welte.

Koma mpukutu wodabwitsa kwambiri mwina ndi wa nkhalamba yomwe dzina lake silidziwika kwenikweni lero. Carl Reinecke adabadwa mu 1824, Beethoven akadali moyo. Adadziwana ndi Felix Mendelssohn ndi Robert Schumann, adatsogolera gulu la zoimbira la Gewandhaus ku Leipzig kwa zaka 35, ndipo Grieg adali mmodzi mwa ophunzira ake. Mu 1905, ali ndi zaka 80, adajambula gawo lodekha la nyimbo ya Mozart yotchedwa Coronation Concerto. Womva koyamba amadzidzimuka. Dzanja lamanzere limatsogola, lamanja n'kutsatira pambuyo pang'ono. Makiyi omwe m'buku adalembedwa kuti agundidwe pamodzi iye amawamwaza, kuyambira wapansi kukwera m'mwamba, ngati munthu wokhwekhwereza chala pansambo za gitala. Pena afulumira, pena achedwa. Mwana wasukulu ya nyimbo ataimba chonchi lero, mphunzitsi wake akhoza kumubweza kuti akayambirenso. Komatu Reinecke m'nthawi yake amalemekezedwa ngati mwini wake wa kaimbidwe ka Mozart, munthu wosunga mwambo, wosakonda zodzionetsera. Ngati wosunga mwambo amaimba chotere, ndiye kuti kaimbidwe kowongoka ka masiku ano, komwe manja onse amatsikira pamodzi ngati asilikali paperete, n'kachilendo kuposa momwe ambiri amaganizira.

Wina akhoza kunena kuti kusiyana kwa manjaku ndi vuto la makina otha ntchito. Mfundoyi siigwira, chifukwa Paderewski ndi ena amsinkhu wake adasiyanso mbale za galamafoni, ndipo pambalepo dzanja lamanzere likutsogolabe. Pankhani ya nthawi, ndiye kuti chala chidatsika liti, chidakhala motalika bwanji, nanga chinzake chidatsatira liti, mpukutu ndi mboni yodalirika ndithu.

Mpukutu wa Debussy, womwe udatuluka mu 1913, udafika pokonza buku lenilenilo. M'nyimbo yake yotchedwa La cathédrale engloutie, yosimba za tchalitchi chomira m'nyanja, oimba kwa zaka zambiri amatsatira zomwe zidasindikizidwa ndipo zigawo zina zimakwawa mpaka kutopetsa. Pampukutu, Debussy mwini wake amaimba zigawo zimenezo mwaliwiro lowirikiza kawiri, nyimbo n'kuyenda bwinobwino. Lero oimba ambiri amatsatira mpukutuwo, ndipo ena osindikiza mabuku a nyimbo adalembamo chenjezo pamalopo.

Otsutsa nawo sakunena zopanda pake. Chovuta chachikulu ndi mphamvu ya zala. Luso la woimba piyano lagona pakuti pa makiyi asanu ogundidwa nthawi imodzi, mmodzi amveke pamwamba pa anzake, ena anong'one. Makinawa amagawa piyano pawiri, mbali ya mawu otsika ndi mbali ya mawu okwera, ndipo mbali iliyonse imalandira mphamvu imodzi pakamphindi kamodzi. Chopondera nacho chimangotsika kapena kukwera, pomwe phazi la katswiri limadziwa kuima pakatikati. Zokometsera zing'onozing'ono zoterezi zidatayika.

Palinso funso la yemwe adalemba mphamvuzo papepala. Ku Duo-Art, mmisiri amakhala pambali akumvetsera, uku akupotoza tizitsulo tosonyeza kukweza kapena kufewa, kenaka n'kudzakonza bwino pambuyo. Kampani ya Ampico idayamba kuyeza liwiro la tinyundo ndi makina mu 1926, ntchito ya Clarence Hickman, koma apo n'kuti nyengo ya mipukutu ili pafupi kutha. A Welte adabisa njira yawo ngati mankhwala a sing'anga, ndipo fakitale yawo idaphwasulidwa ndi mabomba omwe adagwa pa Freiburg mu Novembala 1944. Mpaka lero akatswiri sagwirizana ngati makina a Welte amayezadi mphamvu ya zala kapena ngati munthu amathandizirako.

Kukonza zolakwa kudalinso kosavuta. Chala chikaterereka, mmisiri amatseka bowo lolakwikalo n'kuboola loyenera. M'mipukutu ina ya George Gershwin adaonjezeramo makiyi omwe manja awiri sangawafikire nthawi imodzi. Oimba amasaina mipukutu yawo kutsimikiza kuti ndi kaimbidwe kawo, inde, koma siginecha ya munthu yemwe walipidwa ndi kampani yogulitsa makinawo iyenera kuwerengedwa ndi diso limodzi lotsegula. Kunena zoona, wonyoza mpukutu pachifukwa cha kukonzaku ayenera anyozenso nyimbo zambiri za masiku ano, zomwe zimasokedwa pakompyuta kuchokera ku zidutswa zojambulidwa nthawi zosiyanasiyana.

Mbiri yoipa ya mipukutu idachokeranso kwina. Timivukuto timapangidwa ndi chikopa ndi nsalu yopakidwa mphira, zomwe zimauma ndi kung'aluka zikakalamba. Piyano yotaya mpweya imaimba modumphadumpha, mopanda moyo, ndipo nyimbo zambiri zomwe zidajambulidwa kuchokera ku makina otopa otere zidachititsa anthu kuganiza kuti Grieg kapena Scriabin amaimba ngati wotchi. Liwiro la pepala nalo ndi nkhani. Pamipukutu yambiri ya ku America pamalembedwa nambala, monga 70, kutanthauza mafiti asanu ndi awiri pamphindi. Woyendetsa akaphonya pang'ono, nyimbo yonse imasintha mayendedwe pomwe mawu ake sadatsike kapena kukwera, kotero khutu silizindikira kuti pali cholakwika. Kuona maso a nkhono n'kudekha: womvera wanzeru amayamba wafunsa yemwe adakonza piyanoyo ndi momwe adapezera liwiro, asanaweruze woimba.

Njira yabwino yoyesera mipukutu ndi kuiyerekeza ndi mbale za woimba yemweyo. Sergei Rachmaninoff adajambulira Ampico mipukutu 35 pakati pa 1919 ndi 1929, ndipo nthawi yomweyo amajambulanso mbale, mwa zina Prelude yake yotchuka ya C-sharp minor. Munthu akamvera zonse ziwiri amapeza woimba mmodzi: kayendedwe kolimba, kupuma pamalo omwewo, kufulumira kosataya kiyi. Mbale imaonetsa bwino kufewa kwa dzanja lake, mpukutu umapereka kukula kwa mawu a piyano komwe phula lidalephera kugwira. Mu 1998 mmisiri wa ku America Wayne Stahnke adatulutsa chimbale chotchedwa A Window in Time, atawerenga mipukutu ya Rachmaninoff ndi kompyuta n'kuiimbitsa pa piyano yamakono ya Bösendorfer.

Mipukutu ina imalemera chifukwa cha zomwe zidatsatira. Enrique Granados wa ku Spain adali ku New York kumayambiriro kwa 1916 kudzaonerera opera yake Goyescas ikuonetsedwa koyamba, ndipo ali komweko adajambulira Duo-Art. Adachedwetsa ulendo wobwerera kwawo chifukwa Pulezidenti Woodrow Wilson adamuitana kukaimba ku White House. Pa 24 Malichi, sitima ya Sussex yomwe adakwera idaomberedwa ndi sitima yapansi pa madzi ya Germany pakati pa England ndi France, ndipo iye ndi mkazi wake adamira. Mipukutu ya ku New York ija ndiyo kaimbidwe kake komaliza kosungidwa.

Malonda a makinawa adagwa mwachangu. Wailesi idalowa m'nyumba za anthu, maikolofoni idakometsa mbale kuyambira 1925, ndipo mavuto azachuma a 1929 adamaliza zotsalazo. Mipukutu idatsalira m'manja mwa anthu ochepa okonda zakale. Mmodzi mwa iwo, Denis Condon wa ku Sydney m'dziko la Australia, adasonkhanitsa mipukutu yoposa 7,000, yomwe yunivesite ya Stanford ku America idatenga mu 2014. Pepala la zaka zoposa 100 limathetheka m'mphepete, pomwe pali mabowo a mphamvu ndi zopondera, ndipo kuliyendetsa pamakina kulikonse kumalifupikitsira moyo. N'chifukwa chake ku Stanford amalijambula ndi kamera bowo ndi bowo, n'kuika zithunzi zake ndi nyimbo zake paintaneti kuti aliyense amvere.