Olondola Mibadwo ndi Mabuku a Makedzana

Pamene Ayuda anabwerera kwawo kuchokera ku ukapolo wa ku Babulo, monga timva m'buku la Ezara, analipo mabanja ena a ansembe amene anafunafuna maina awo m'mabuku a mibadwo, koma osawapeza, ndipo chifukwa cha ichi anawachotsa pa unsembe. Nkhawa yotere siinathe ndi masiku a Ezara, pakuti kufikira lero alipo anthu, makamaka ku Ulaya ndi ku America, amene amadya thukuta la ntchito imodzi yokha, ndiyo kulondola makolo a anzawo m'mabuku akale, kuti wina alandire chuma chamasiye chimene ena akumukaniza, wina apeze ufulu wokhala nzika ya dziko la agogo ake, ndi wina angodziwa kumene anachokera, mtima wake ukhale pansi.

Mmisiri wa ntchitoyi sayambira kwa mfumu yotchuka imene banja limadzitama nayo. Amayambira pa munthu wamoyo amene wamutuma, nabwerera m'mbuyo mbadwo umodziumodzi, osavomereza kuti uje anabala uje kufikira mboni ziwiri kapena zitatu zitagwirizana, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku England ntchito yake imapepukako, popeza m'chaka cha 1538 Thomas Cromwell analamula kuti tchalitchi chilichonse chizilemba obatizidwa, okwatirana ndi oikidwa m'manda. Boma linayamba kaundula wakewake mu 1837, ndipo kalembera wa 1841 analemba anthu ndi maina awo nyumba ndi nyumba. Koma zidzukulu za akapolo ku America zimakafika pa kalembera wa 1870 n'kuima, chifukwa m'mbuyo mwake makolo awo ankawerengedwa pansi pa dzina la mbuye wawo, polemba zaka ndi khungu, dzina ayi.

Kuno kwathu njira ndi yaminga koposa, ndipo wonena kuti adzakulondolerani makolo kufikira masiku a Kalonga ndi mapepala okhaokha, muyambe mwamuyang'anitsitsa musanamupatse ndalama. Lamulo la 1904 linkakakamiza kulembetsa kubadwa ndi imfa kwa anthu osakhala Afirika okha, kotero kuti agogo athu ambiri anabadwa, nakula, natsikira kuli chete, dzina lawo lisanagwepo m'kaundula wa obadwa. Kuwonjeza apo, mu 1919 moto unapsereza maofesi aakulu a boma ku Zomba pamodzi ndi makalata ochuluka a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda. Nyumba yosungira mbiri ya dziko, imene ili ku Zomba komweko, inayamba mu 1947, ndipo imasunga zimene zinapulumuka ndi zimene zinalembedwa pambuyo pake.

Chinanso choti tizindikire n'chakuti amene ankalemba maina a makolo athu ankalembera zofuna zawo: bwanamkubwa ankafuna msonkho, wansembe ankawerenga nkhosa zake, ndipo mwini mgodi ankafuna manja. Wofufuza wanzeru amatsata zofuna zimenezi. Ngati agogo anali Mkhristu, amapita ku mabuku a ubatizo a mishoni zakale, monga Livingstonia imene inayamba mu 1875, Blantyre mu 1876, Likoma mu 1885, Mvera mu 1889 ndi Mua mu 1902, kumene mwina, pa tsamba lofiirira limene chiswe chadya m'mphepete, angaone dzina, mudzi ndi tsiku, zolembedwa ndi inki yozimirira. Ngati anamenya nkhondo ya 1914, maina a asilikali a King's African Rifles amene anagwa pa nkhondoyo alembedwa pa chipilala cha ku Zomba. Ngati anatsika ku Joni ndi bungwe la Wenela, mapepala a bungwelo, limene pambuyo pake linatchedwa TEBA, ndiwo poyambira kufunafuna matchona amene anachoka ali anyamata, osabweranso.

Koma ngakhale buku lapezeka, msampha uli pa dzina. Munthu mmodzi anali ndi dzina la paubwana, nalandira lina potuluka ku chinamwali, lina pa ubatizo, ndipo pofika ku mgodi kalaliki anamulemba monga khutu lake linamvera, kapena iye mwini anatchula dzina lachilendo pothawa msonkho. Motero anthu anayi a m'mabuku angakhale munthu mmodzi, ndiponso a Phiri awiri a mudzi umodzi angakhale osadziwana magazi. Komanso mabuku a azungu amalondola bambo, pamene Mchewa mbumba yake amaiwerengera kuchikazi, ndipo dzina la ufumu, munda ndi manda zimatsata mzere wa amayi ndi atsibweni. Wolondola abambo okhaokha adzatuluka ndi chipepala chokongola, chikomekome cha nkhuyu, chimene eni mbumba adzachikana pa bwalo.

Chifukwa chake ine ndiyesa kuti kwa ife buku ndi mboni yachiwiri, ndipo yoyamba ndi nkhalamba ili pakhonde, monga anachitira Samuel Nthara, amene polemba Mbiri ya Achewa anatchera khutu kwa akuluakulu. Wofufuza afike ndi ulemu, kapaketi ka shuga kali m'manja, akhale pamphasa, ndipo asafunse kuti munabadwa chaka chanji, pakuti funso limenelo limatseka pakamwa. Afunse kuti, "Kodi gogo, pa njala ija munali wamkulu bwanji?" Gogo akati anali atangotha msinkhu, wofufuza adziwa kuti njala yaikuluyo inagwa mu 1949, nawerengera yekha. Akati amayi awo anabadwa pa nkhondo ya Chilembwe, ndiye kuti 1915. Kenaka afunse mfunda wa amayi, mudzi umene anasamukako, ndi kumene kuli manda akale, ndipo mawu omwewo akawafunsenso kwa mwini mbumba ndi kwa anyakwawa, aliyense payekha, asanakwere basi ya ku Zomba.