Chimuzu chofiira chomwe chidatizunguza mutu ku dimba la kalabu

Lachiwiri lina m'mawa, m'mwezi wa Julaye chaka chatha, mnyamata wina wa m'kalabu yathu adatipeza tikumangirira sikelo ya ana pa mtengo wa mango. Ngakhale moni sadapereke bwino. Adatiitanira pambali n'kutinong'oneza kuti wakodza magazi, ndipo kuchimbudzi nakonso kwatuluka zofiira. Masabata angapo m'mbuyomo adali atakacheza kwa amalume ake kumunsi ku Lisungwi komwe adasamba mumtsinje, choncho ife tidayamba taganizira za likodzo. Mwini wake maganizo adali atafika patali kuposa pamenepo. Adatifunsa ngati chimenechi si chizindikiro cha matenda opatsirana pogonana.

Tidamufunsa ngati akumva kupweteka kapena kuwotcha pokodza. Adati ayi. Kodi magaziwo akubwera kumapeto kwa mkodzo? Adati ayi, mkodzo wonse ndi wofiirira ngati sobo. Nanga dzulo wadya chiyani? Apa m'pamene adayang'ana pansi n'kuulula kuti adazula mizu itatu ya mbewu yachilendo ija ya ku dimba la kalabu, n'kuiphika ndi kuidya yekha kuseri kwa nyumba, pofuna kukhala woyamba kudziwa kukoma kwake.

Kuti mumvetse, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Kuno kumtunda kwa Neno, m'dera la Mfumu Dambe, tidazolowera kachewere, tirigu, nyemba, kabichi ndi mpiru. Kalabu yathu ili ndi kadimba m'mbali mwa khwawa, ndipo ndalama zomwe timapeza tikagulitsa ndiwo timagulira mpira ndi sopo wokapereka kwa odwala. M'mwezi wa Epulo mtsikana wina adabweretsa njere zomangidwa m'kapepala ka pulasitiki. Adazipeza m'chikwama cha achimwene ake omwe adabwera kutchuthi kuchokera ku Johannesburg. Paketi yake idali itang'ambika kale, dzina palibe, ndipo achimwenewo adali atabwerera ku Joni.

Njerezo zidali zokakala, zonga timiyala ta mumsewu, osati zosalala ngati za mpiru. Tidazifesa pa bedi limodzi chabe. Chodabwitsa choyamba chidali chakuti pomwe taika njere imodzi pamatuluka mbande ziwiri kapena zitatu. Chachiwiri, timapesi ndi mitsempha ya masamba ake zidali zofiira. Ena adati ndi bonongwe wofiira, ena adati ndi chidede. Patatha miyezi iwiri, pansi padayamba kutukumuka chimuzu chozungulira, kukula ngati chibakera cha mwana. Titachicheka, mpeni ndi zala zidafiira, ndipo m'kati mudaoneka mizere yozungulira ngati ya pa chitsa cha mtengo.

Tidakapita nacho kwa agogo ena odziwa zitsamba m'mudzimo. Adachitembenuza, kuchinunkhiza, n'kutibwezera. Adati chikununkha dothi, iwo sadachionepo, ndipo chomwe sachidziwa salawa. Adatikumbutsa za njala ya 2002, pomwe anthu m'madera ambiri a dziko lino ankakumba mizu yakutchire chifukwa chosowa pogwira, ena n'kudwala nayo kwambiri. Agogowo sadalakwe. Bowa wakupha amafanana ndi wodyedwa, ndipo chinangwa chowawa chimaledzeretsa ngakhale kupha chikapanda kuviikidwa mokwanira. Choncho tidagwirizana monga kalabu kuti wina asalawe mpaka alangizi a zaulimi atachiona. Lamulo limeneli ndi lomwe mnzathu uja adaphwanya.

Tsiku lomwelo tidazula chomera chathunthu, masamba ndi muzu womwe, n'kutenganso njere zotsala zija, ulendo wa kwa alangizi. Apa tikupempheni achinyamata anzathu: mukafuna kufunsa dzina la chomera, musatenge tsamba limodzi lofota m'thumba la thalauzi. Tengani chonse, ndipo ngati chili ndi maluwa kapena zipatso mutengenso. Chithunzi cha pa foni chimathandiza, koma sichionetsa fungo kapena kukakala kwa njere. Alangiziwo atangoona adaseka, n'kutiuza kuti imeneyi ndi bitiruti, ndiwo zomwe anthu a m'tauni amagula mumsika wa Blantyre ndi m'masitolo akuluakulu.

Adatifotokozeranso zambiri. Bitiruti kwawo kwenikweni ndi kumaiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Ndi pachibale ndi sipinachi wa masamba akuluakulu uja timamuona m'misika, ndiye chifukwa chake masamba ake amafananako. Ili ndi m'bale wake wina wa muzu woyera yemwe ku Ulaya amapangira shuga, monga momwe ife timapangira kuchokera ku nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Njere yokakala ija si imodzi ayi, ndi kagulu ka njere zomatirirana, choncho zikamera pamafunika kupatulira n'kusiya mbande imodzi, motalikirana ngati chikhatho cha dzanja. Ife sitidapatulire bwino, n'chifukwa chake mizu yambiri idatuluka ing'onoing'ono. Imakonda nyengo yozizira ndi dothi lofewa lopanda miyala, ndipo imakhwima pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Kunena zoona, kuzizira kwa kumtunda kuno komwe timadandaula nako mu Juni ndi komwe mbewuyi imafuna.

Nanga mkodzo wofiira uja? Utoto womwe umafiiritsa bitiruti suphwanyika wonse m'mimba mwa anthu ena. Wotsalawo umatuluka ndi mkodzo ndi chimbudzi. Sizichitikira aliyense, ndipo si matenda. Zimayamba patangopita maola ochepa munthu atadya, sizipweteka, ndipo zimatha zokha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Likodzo ndi losiyana. Magazi ake kawirikawiri amaoneka kumapeto kwa mkodzo, nthawi zina pamakhala kupweteka, ndipo sasiya chifukwa choti mwasintha ndiwo. Mnzathuyu tidamuuza kuti asadyenso kwa masiku atatu. Pofika Lachinayi mkodzo udayera. Komabe tidamutumiza kuchipatala kuti akayezetse, poti mumtsinje adasambamo ndithu, ndipo mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel amaperekedwa ulere m'zipatala za boma. Za nkhawa yake ina ija, tidakhala naye pansi n'kukambirana, ndipo adasankha yekha kukayezetsa magazi. Inunso mukaona zofiira koma simudadye bitiruti, kapena zikapitirira masiku awiri mutasiya kudya, musadikire. Pitani kuchipatala.

Dzina litadziwika, vuto lidasanduka lina. Anthu omwe dzulo lake ankathawa chimuzucho adayamba kubwera ku dimba kudzapempha. Mbiri idawanda kuti kalabu yalima mankhwala owonjezera magazi. Mayi wina woyembekezera adatiuza kuti asiya mapilitsi a ayironi a ku sikelo chifukwa amamuchititsa nseru, m'malo mwake azimwa madzi a bitiruti. Bambo wina yemwe ali pa ma ARV adafunsa ngati angapumuleko kumwa mankhwala kwa mwezi umodzi akamadya muzuwu tsiku ndi tsiku, popeza mnzake wa ku Joni adamuuza kuti umakweza chitetezo cha m'thupi.

Pamenepa m'pomwe tikufuna mumvetsetse, chifukwa inu ndi amene mukayankhe mafunso otere m'midzi mwanu. Kufiira kwa bitiruti si magazi, ndi utoto chabe. Thupi limapanga magazi pogwiritsa ntchito ayironi ndi michere ina, ndipo mu magalamu 100 a muzuwu muli ayironi wosakwana miligalamu imodzi. Masamba ake, omwe anthu ambiri amataya, ali ndi ayironi wochuluka pafupifupi katatu kuposa muzu. Nyemba, bonongwe, chiwindi ndi usipa zimauposanso muzuwo. Chomwe muzu uli nacho chambiri ndi vitamini wotchedwa foleti, yemwe ndi wofunika kwa amayi oyembekezera, koma sungalowe m'malo mwa mapilitsi a ku sikelo. Komanso munthu akamachepa magazi pamakhala chifukwa. Mwina ndi malungo, njoka za m'mimba kapena likodzo lomwe lija. Wina akhoza kudya dengu lonse la bitiruti, koma ngati njoka zikadali m'mimba magazi sabwerera.

Funso la bambo uja silachilendo. Ku South Africa, nduna ya zaumoyo kuyambira 1999 mpaka 2008, Mayi Manto Tshabalala-Msimang, ankalimbikitsa anthu omwe ali ndi kachirombo ka HIV kuti azidya bitiruti, adyo ndi mandimu, kwinaku akukayikitsa anthu za ma ARV. Pamsonkhano waukulu wa dziko lonse wokambirana za Edzi womwe udachitikira ku Toronto m'dziko la Canada mu 2006, pamalo oonetsera zinthu a dziko lawo padaikidwa zakudya zimenezi, ndipo anthu adawapatsa dzina loti Dr Beetroot. Mu 2008 akatswiri a pa yunivesite ya Harvard adawerengera kuti anthu opitirira 330,000 adamwalira m'dzikomo pakati pa 2000 ndi 2005 chifukwa boma lidachedwa kupereka mankhwalawa. Ndiwo zake sizidalakwe kanthu. Chidalakwika n'chakuti zidaikidwa pamalo pa mankhwala. Kuno kwathu boma lidayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo ku Neno ntchitoyi idakula kwambiri bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo litayamba kugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo mu 2007. Makolo athu amakumbukira maliro a zaka zisanafike zimenezo. Bambo uja tidamuuza mosabisa kuti bitiruti adye ndithu, koma piritsi lake amwe tsiku lililonse osadumphitsa, chifukwa akalekeza kachirombo kamachulukananso m'thupi ndipo mankhwala akhoza kusiya kugwira ntchito. Mayi uja tidamulangiza kuti ayese kumwa piritsi lake madzulo atadya, ndipo akafotokozere anamwino za nseruyo.

Tsopano za kuphika, poti ndi zomwe ambiri mwakhala mukufunsa. Tidayamba ndi masamba, ndipo ndi omwe sadavute konse. Timathyola akunja n'kusiya a pakati kuti muzu uzikulabe, timatsuka tisanadule, n'kuphika pang'ono ndi tomato ndi anyezi, kenaka n'kutendera ndi nsinjiro. Soda musathire, amafewa okha msanga ndipo soda amawononga mavitamini. Msuzi wake umatuluka wofiirira ndipo nsima imasintha mtundu mukamasunsa, koma kukoma kwake kuli ngati kwa bonongwe wotendera. Otsala tidawawiritsa pang'ono n'kuyanika pamthunzi kuti akhale mfutso wa m'mwezi wa Okutobala.

Muzu ndiwo udatiphunzitsa zambiri. Ulendo woyamba tidausenda n'kuuduladula ngati kachewere tisanaphike. Utoto wonse udathera m'madzi, tidatsala ndi zidutswa zotuwa zosakoma. Njira yabwino ndi kuutsuka n'kuuphika wathunthu ndi khungu lake, osadula kamchira, n'kusiyako kaphesi kakafupi pamwamba. Pamoto wa nkhuni umatenga pafupifupi ola limodzi ngati ndi waukulu. Ukapsa, khungu limasupuka ndi chala chabe. Mukaudula m'magawo n'kuthira anyezi, kamchere ndi madzi a mandimu, fungo la dothi lija limachepa. Ndi fungo lomwe timamva mvula yoyamba ikagwa pa nthaka youma, ndipo ena m'kalabu mpaka lero salifuna. Sitiwakakamiza.

Chomwe chidapambana zonse ndi futali. Mtsikana wina adaganiza zoponya zidutswa za bitiruti wophika mu futali wa mbatata ndi nsinjiro. Adatuluka wofiirira, wotsekemera wopanda shuga, ndipo ana omwe amakana ndiwo zamasamba adanyambita mbale. Amayi ena tsopano akumapota pang'ono m'phala la mgaiwa la ana opitirira miyezi 6. Timangowachenjezeratu za thewera kuti asadzathamangire kuchipatala usiku. Tidayesanso kuukwecha wauwisi n'kusakaniza ndi karoti ndi madzi a manachesi, zomwe zimathandiza chifukwa vitamini C wa m'zipatso amapangitsa thupi kutenga ayironi wa m'masamba mosavuta. Anyamata adayesa kukazinga ngati tchipisi ta pa chiwaya. Mafuta adafiira, tchipisi tidapserera kunja m'kati muli muwisi, ndipo za bizinesi imeneyo sadazitchulenso. Odwala matenda a shuga akumbukire kuti muzuwu ndi wotsekemera, choncho adye pang'ono ngati ndiwo, asamachite kumwa makapu a madzi ake.

Pali chovuta chimodzi. Tidasiya mizu isanu m'dimba kuti itipatse njere monga timachitira ndi mpiru, koma idangokalamba n'kulimba ngati mtengo osatulutsa maluwa. Alangizi adati mbewuyi imabereka njere chaka chachiwiri ikadutsa m'chisanu champhamvu chonga cha kwawo, choncho kuno kawirikawiri njere timachita kugula. Titafufuza tidapeza kuti siziyenera kuchokera ku Joni; m'masitolo ogulitsa mbewu za ndiwo zamasamba zimapezeka, ndipo mtundu wodziwika kwambiri umalembedwa kuti Detroit Dark Red pa paketi. Chaka chino tasonkherana ndalama za mapaketi awiri ndipo tafesa mabedi anayi, atatu a kudya ndi limodzi loti tikayese kugulitsa pa Zalewa, pomwe pamaima magalimoto a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mwanza. Wopatulira mbande ndi mnyamata uja adadya mizu itatu kuseri kwa nyumba. Adadzipereka yekha, ndipo paketi yopanda kanthu waikhomera pa kamtengo kumutu kwa bedi kuti dzina lisasowenso.