BANJA LA SINGH: MIBADWO ITATU PA CHIWONGOLERO

Pa chilumba cha Likoma mwana wa msodzi sapita ku sukulu kukaphunzira kupalasa bwato. Amayamba ndi kukapa madzi m'bwato la bambo ake, kenaka apatsidwa nkhafi, ndipo pofika zaka zaunyamata amakhala akudziwa kale kuti mwera ukayamba sayenera kuchita nawo makani. Galimoto pa chilumbachi n'zowerengeka, ndipo ulendo waukulu ndi wa sitima ya Ilala. Komabe munthu wa ku Likoma sangavutike kumvetsa nkhani yathu ya lero, pakuti ndi nkhani ya luso limene mwana amalitola pakhomo pa makolo ake.

Nkhaniyi ndi ya banja la Singh la mu mzinda wa Lusaka m'dziko la Zambia, limene latchuka mu Africa monse pa mpikisano wothamangitsa galimoto m'misewu yafumbi, umene eni ake amautcha rally.

Mpikisano wake ndi wotani?

Ambiri tikamva za mpikisano wa galimoto timaganiza kuti onse amanyamukira pamodzi monga achitira ana pa liwiro la mumchenga. Sizili choncho ayi. Galimoto zimanyamuka imodziimodzi, motalikirana ndi mphindi zingapo, ndipo aliyense amalimbana ndi wotchi. Ulendo umagawidwa m'zigawo, ndipo msewu wa chigawo chilichonse umatsekedwa kuti pasadutse wina aliyense. Pomaliza amaphatikiza nthawi ya zigawo zonse, ndipo amene watha nthawi yochepa ndiye wapambana.

M'galimoto mumakhala anthu awiri. Wina agwira chiwongolero, mnzakeyo agwira kabuku m'mene analembamo msewu wonse poukayendera mpikisano usanayambe. Ameneyu ndiye amauza dalaivala kuti kutsogoloku kuli kona yakuthwa, pali mlatho wopapatiza, kapena kuti kuseri kwa chitundaku kuli dzenje. Akangolakwitsa kuwerenga mzere umodzi, onse awiri akapezeka m'tchire.

Mpikisano wolimbirana ukatswiri wa Africa yonse, wotchedwa African Rally Championship, unayamba m'chaka cha 1981 pansi pa bungwe la FIA limene limayang'anira masewera a galimoto pa dziko lonse. Woyamba kupambana anali malemu Shekhar Mehta a ku Kenya. Opikisana amayenda m'maiko osiyanasiyana chaka chonse, monga Zambia, Uganda, Rwanda, Tanzania ndi Ivory Coast, akusonkhanitsa mapointi. Choncho kupambana kamodzi sikukwanira. Katswiri ndi amene galimoto yake imafika kumapeto kawirikawiri.

A Satwant Singh alambula njira

Dzina la Singh linalowa m'buku la akatswiri a Africa m'chaka cha 1988 pamene a Satwant Singh anatenga chikho. Anachitenganso mu 1989, 1991 ndi 1993, kenaka zaka zitatu zotsatizana kuyambira 1996 mpaka 1998, ndipo komaliza mu 2000. Konseko ndi kasanu ndi katatu, ndipo palibe wina amene wafikapo pa chiwerengero chimenechi.

Taganizani, owerenga athu, kuti pakati pa chikho choyamba ndi chomaliza panadutsa zaka 12. M'zaka zimenezi galimoto zinasintha, anyamata atsopano anabwera ndi mphamvu zawo, koma mkuluyu anali pomwepo. Liwiro lokha silingamusunge munthu pamwamba nthawi yaitali chotere. Misewu ya kuno kwathu imadya galimoto: miyala imang'amba matayala, fumbi limatsamwitsa injini, ndipo matope a dzinja amameza galimoto yathunthu. Dalaivala wanzeru amadziwa poponda mafuta ndi poleza mtima. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

A Muna ndi mwana wawo Jassy

A Satwant atatsika pampando, dzina la banjali silinazilale. A Muna Singh, a m'badwo wotsatira m'banja lomweli, anakhala katswiri wa Africa mu 2004 ndi 2005 akuyendetsa galimoto ya mtundu wa Subaru Impreza. Wowawerengera msewu anali a David Sihoka, a ku Zambia komweko, amene dzina lawo siliyenera kuiwalika, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Patapita zaka zisanu ndi zitatu, mu 2013, chikho chija chinalowanso m'nyumba yomweyo. Ulendo uno anachibweretsa ndi Jassy Singh, mwana wa a Muna, akadali mnyamata. Tikawerengetsa, pa zaka 26 kuyambira 1988 mpaka 2013, banja limodzili linatenga ukatswiri wa Africa ka 11.

Si a Singh okha amene akweza mbendera ya Zambia. A Mohammed Essa anapambana mu 2012, ndipo mu 2022 a Leroy Gomes anatenga chikhochi akuwerengeredwa msewu ndi akazi awo, mayi Urshlla Gomes. Apanso tikuona kuti ndi ntchito ya banja.

N'chifukwa chiyani luso limeneli limayenda m'magazi?

Kunena zoona, si magazi ayi, koma khomo limene mwana wakulirapo. Mwana wa m'banja lotere amakulira m'galaja. Asanafike msinkhu wogwira chiwongolero amakhala atadziwa kale sipanala, wamva kulira kwa injini yodwala, ndipo waona bambo ake akubwera madzulo ali mbuu ndi fumbi, tsiku lina ndi chikho, tsiku lina galimoto ili pa chingwe. Amaphunzira kuluza asanaphunzire kupambana.

Chachiwiri ndi ndalama. Galimoto ya mpikisano imafuna matayala ambiri, zipangizo zosinthira, amakaniko ndi lole yonyamulira katundu kudutsa malire a maiko. Mnyamata wopanda womugwira dzanja, ngakhale akhale ndi luso lotani, zimamuvuta kuyamba. Wa m'banja la masewerawa amapeza zida, anthu ndi dzina zili kale.

Zoterezi zili ponseponse. Ku Kenya, a Joginder Singh, amene sanali a banja la ku Lusakali, anapambana mpikisano wotchuka wa Safari mu 1965 ali ndi m'bale wawo Jaswant pambali. Ku Finland, Kalle Rovanperä, mwana wa a Harri Rovanperä amenenso anali dalaivala wa mpikisano, anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2022 ali ndi zaka 22 zokha.

Koma dzina lili ndi katundu wake. Mwana wa katswiri akapambana anthu amati n'chifukwa cha bambo ake, akalephera amati wachititsa manyazi mtundu. Wotchi yokha ndiyo sidziwa kuti uyu ndi mwana wa yani.

Chenjezo kwa anyamata athu

Pali china chimene oonerera ambiri sachiona. M'kati mwa galimoto ya mpikisano mumakhala zitsulo zolimba zotchinjiriza anthu ikagubuduka. Awiriwo amavala zipewa zolimba ndi zovala zosagwira moto msanga, ndipo amadzimanga ndi malamba angapo. Ambulansi imakhala chire. Ndipo pochoka pa chigawo china kupita pa chinzake, podzera mumsewu wa anthu onse, katswiri yemweyo amatsata malamulo a pamsewu ngati wina aliyense, akaswa amalangidwa.

Tsono mnyamata amene amathamangitsa minibasi yodzaza ndi anthu, kapena njinga yamoto pakati pa msika, asadzinamize kuti akufanana ndi a Singh. Iye alibe msewu wotseka, alibe womuuza za kutsogolo, ndipo amene wawanyamulawo sanavomere kulowa nawo mpikisano.

Kwa inu makolo, funso n'lakuti: kodi ana anu akutola chiyani pakhomo panu? Kaya ndi nkhafi ku Likoma, makina osokera, khasu kapena sipanala, mwana amayamba kuphunzira tsiku limene mwamulola kuima pambali panu pamene mukugwira ntchito. M'mera mpoyamba.